Khadi Lobwereka

Kalatayo inali itagona m'foni sabata yathunthu mwini wake osadziwa, chifukwa data inali itatha. Tionge anaiona Lachiwiri m'mawa atalumikiza foni ku intaneti ya madamu ake ku Kempton Park, manja ali thovu lokhalokha, makatani ali m'bafa. Anawerenga koyamba, sanamve. Anawerenga kachiwiri, ndipo pamenepo anamva. Mkodzo umene anapereka atamaliza mpikisano wa ku Benoni, a bungwe loona za mipikisano anaupeza ndi mankhwala oletsedwa kwa othamanga. Ngati ali ndi chonena, achinene isanakwane thwelofu koloko masana Lachisanu. Kupanda apo, zaka ziwiri osaponda mpikisano uliwonse, ndipo dzina lake lilembedwa pamodzi ndi a anthu opambana mwachinyengo.

Chinyengo! Tionge Mtonga wa ku Santhe, munthu amene ngakhale shuga wa madamu sanatapepo n'kamodzi komwe!

Ndipo musaganize kuti kuthamanga kwake kunali kocheza, ngati azungu a ku Kempton aja amene amathamanga ndi agalu kuti mimba ziphwe. Mkazi ameneyu anabwera ku Joni kudzakolopa, ndipo anakolopadi zaka zisanu ndi chimodzi popanda womutchula dzina, kungoti "sisi" kapena "iwe". Tsiku lina matakisi ananyanyala, iye n'kuliyatsa liwiro kuchokera ku Tembisa mpaka kuntchito, chikwama kumsana. A Rodgers, mlonda wachizambiya wa ku Chipata amene ankaphunzitsa kagulu ka othamanga, anamuona iwo ali pa njinga, namulondola mpaka pageti la madamu, iwo eni ali wefuwefu. Patapita zaka zitatu, ku Benoni, pa makilomita 21, Tionge anakhala wachiwiri, ndipo chimkuzamawu chinatchula dzina lake lonse chinamtindi cha anthu chikumva. Anali ndi zaka 33. Kwa munthu wa msinkhu umenewo, kukhala pansi zaka ziwiri ndiye kuti basi, kwatha.

Makatani anawasiya m'madzi momwemo. Ananamiza madamu kuti mutu wamuwawa, n'kulunjika ku Spartan kumene a Rodgers ankalondera pageti la nyumba yosungiramo katundu. Iwo anawerenga kalatayo atasendeza foni kutali ndi maso.

"Unamwa chiyani iwe?"

"Mapilisi a mphumu, akochi."

"Anakupatsa ndani?"

"Kukiliniki."

A Rodgers anaseka mpaka kumenya ntchafu. "Aaa, ndiye ukuliriranji? Manje mvera. Anthu awa si zilombo ayi. Amadziwa kuti wothamanga nayenso ndi munthu, amadwala. Pali chilolezo cha odwala, amachitcha TUE. Ukadwala mwadzidzidzi, achipatala n'kukupatsa mankhwala oletsedwa kuti usafe, umapempha chilolezocho ngakhale utamwa kale. Madokotala awo ayang'ana fayilo yako ya kukiliniki, aona tsiku, aona dzina, basi nkhani yatha. Kapite ukatenge fayilo."

Tionge sanasunthe. Anangoyang'ana nsapato zake.

"Nanga bwanji?"

"Fayiloyo si ya dzina langa."

Nkhani yake inali motere. Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mpikisano uchitike, m'chisanu cha Juni chija, Tembisa yense atakutidwa ndi utsi wa mbaula za malasha, mphumu inam'gwira Tionge m'mawa akuvala kuti azipita kuntchito. Anapopera kapampu kake kawiri, katatu, kanayi, koma chifuwa chinangotseka ngati wina wakhalapo. Mkulu wake, Stella, amene ankakhala chipinda choyandikana naye kuseri kwa nyumba ya mwini malo, anam'peza atagwada pakhomo, milomo itada. Tsono masiku amenewo pageti la kiliniki pankaima kagulu ka anthu a m'deramo, osati achipatala ayi, anthu wamba ovala zipewa, kumafunsa mapepala kwa aliyense wowoneka mlendo. Wopanda mapepala ankam'bweza ngakhale akhale ndi mwana wakomoka kumsana. Ndipo masiku a Tionge okhala m'dzikomo anali atatha kalekale, chidindo cha m'pasipoti mwake chinali cha zaka zapitazo. Stella anali ndi mapepala abwinobwino. Awiriwo ankafanana nkhope, mphuno imodzi, mpata wa m'mano umodzi, kungoti Stella anali wathupi. Stella sanaganize kawiri. Anam'manga m'bale wake duku, kum'funditsa bulangeti, kum'gwiritsa khadi lake la kukiliniki ndi chiphaso chake, n'kumukankhira m'galimoto ya oyandikana nawo. Pageti anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope, n'kutsegula. M'katimo anamuika chopumira, nam'patsa mapilisi a masiku asanu. Munthu anapulumuka. Ndani mwa ife machona amene sanamvepo za khadi lobwereka? Limayenda m'manjam'manja ngati mbale yopemphera mchere.

A Rodgers anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Nanga pa fomu ija, tsiku la mkodzo, atakufunsa mankhwala amene wamwa, unalemba chiyani?"

"Kapampu kokha."

"Mapilisi?"

"Kajumbo kake kanali ka dzina la achemwali. Ndinaopa anganene kuti tione."

"Mayo ine! Tionge, wadzipha wekha! Wabisa mankhwala, ndiye ukabwere ndi fayilo ya munthu wina uziti ndi ine? Ngakhale ine wokudziwa ndingaseke." Anayenda uku ndi uku pagetipo. "Ndipo usadzinamize kuti ukathamangira kwanu ku Malawi. Chiletso chimenechi chimawoloka malire popanda pasipoti. Kulikonse kumene ungapite chikakupeza."

Komabe anaimba foni ku ofesi imene inatumiza kalatayo, nayankhula Chingerezi chawo chonse, cha kutchalitchi ndi cha kuntchito chomwe. Mayi wa ku ofesiyo anamvetsera mpaka kumapeto. Anati sangalonjeze kanthu, koma madokotala angathe kuiona nkhaniyo ngati fayiloyo ibwera pamodzi ndi makalata awiri olumbirira, aja timawatcha afidaviti: ina ya mwini khadi kuvomera kuti anabwereketsa, ina ya wodwalayo kuvomera kuti ndiye anamwa mankhwalawo. Zonse zodindidwa, zonse zifike isanakwane thwelofu Lachisanu.

Lachitatu Stella anapita naye kukiliniki mosavuta, poti fayilo inali yake. Nesi wamkulu, mayi wachisutu wa magalasi, anawapatsa mapepala ojambula, kenaka anayang'ana Stella, anayang'ana Tionge, anayang'ananso Stella.

"Wa mphumu uja ndi uyu," anatero, akuloza Tionge ndi cholembera. "Ndimakumbukira miyendo yowonda ija."

Tionge anagwada pansi pomwepo, pa simenti yozizira. "Amayi, lembani choncho. Mawu awiri okha. Lembani kuti ndinali ine."

"Dzuka, sisi, usandichititse manyazi. Ine ndinalemba dzina limene ndinapatsidwa. Pa pepala ili, amene ndinam'thandiza ndi Stella Mtonga. Pitani mukalumbire kaye nonse awiri, akadzandifunsa ndidzanena zimene maso anga anaona. Koma kuyamba ine, hayi."

Ali panjira yobwerera, Tionge anatchula za afidaviti. Stella anaima pakati pa msewu, takisi n'kumuimbira huta.

"Ukuti chiyani? Ndipite kupolisi, ndi miyendo yangayi, ndikalembe ndi dzanja langa kuti ndinapatsa munthu wina chiphaso changa? Iwe mutu wako ukuyenda bwino?"

"Achemwali, ndi pepala limodzi lokha."

"Pepala limodzi! Ukudziwa zaka zimene ndinaima pa mizere kuti ndipeze chiphaso chimenechi? Akandilanda, ana anga Miracle ndi Peace achoka sukulu, ntchito yanga ya kukhitchini ya ana ija yatha, tonse tikwera basi ya ku Mwanza. Chifukwa cha chiyani? Chifukwa cha kuthamanga! Munthu wamkulu, wa zaka zobereka, kumathamanga m'misewu ndi kakabudula!"

"Munandipatsa khadi ndinu."

Pamenepo ndiye anaputa mavu. Stella anatembenuka maso ali psuu. "Eya, ndinakupatsa ndine! Ndikanakusiya ufe pakhomo paja, eti? Bwenzi pano tikusonkherana za bokosi lopita ku Santhe. Ndakupulumutsa moyo, lero wasanduka mlandu wanga. Zikomo kwambiri, mayi wothamanga."

Tionge anadziwa kuti wayankhula zopusa, koma mawu anali atatuluka kale. Anayenda pambuyo pa mkulu wake mpaka kunyumba, aliyense analowa m'chipinda chake, zitseko zonse ziwiri zinamenyetsedwa.

Lachinayi sanapite kuntchito. Anayesa maofesi awiri a maloya ku Kempton Park kuti mwina angadinde yake yokha. Woyamba anati abwere Lolemba. Wachiwiri anali atatseka, pachitseko pali kapepala. Anakhala pa benchi ya pasiteshoni dzuwa likupendeka, mapepala a kukiliniki ali pamiyendo, akuwerenga dzina la mkulu wake pamwamba pa matenda ake. Analira ndithu, osabisa, mpaka mayi wina wogulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, anam'funsa ngati wamva uthenga wa maliro. Tionge anapukusa mutu. Akanafotokoza bwanji? Palibe amene anamwalira. Kungoti chinthu chimodzi chokha chimene iye ankachidziwa kuposa anzake padziko lonse lapansi chinali kum'pulumuka m'manja, ndipo ankachiona chikupita.

Madzulo anagogoda kwa Stella. Sanam'tsegulire. Anayankhula ali panja, pakamwa atagunditsa pa chitseko cha malata.

"Achemwali, ndinalakwa dzulo. Munandipulumutsa, ndikudziwa. Sindikukukakamizani. Koma mundimvere. Inu muli ndi ana, muli ndi mpingo umene umakutchani amayi a chigwirizano, mukadutsa anthu amati a Stella awo. Ine ndili ndi chiyani? Mwamuna ndilibe, mwana ndilibe, mapepala ndilibe. Ndikakolopa, palibe amene amadziwa kuti wakolopa ndani. Ndili ndi miyendo yokhayi basi. Akandilemba kuti ndine wachinyengo, kumudzi amva, amayi amva. Mawa ndipita ndekha kupolisi, ndikalemba yanga. Kaya ithandiza kaya sithandiza."

M'katimo munamveka mawu a Stella, otsika. "Upita kupolisi ndi pasipoti yakoyo?"

"Eya."

"Wapenga."

"Mwina."

Lachisanu m'mawa, Tionge akutseka chitseko chake, anapeza Stella ataima pabwalo, atavala diresi lake la Lamulungu ndi nsapato zogogoda, chikwama m'khwapa, nkhope itatupa chifukwa chosagona.

"Usandiyankhule," anatero Stella. "Tiye."

A Rodgers anali atagwirizana nawo kuti akadikira pa kashopu kojambula mapepala kufupi ndi malo okwerera matakisi, mtunda wa kilomita imodzi ndi theka kuchokera kupolisi. Kumeneko anali atatsegula kale fomu pa kompyuta, mapepala a kukiliniki ali nawo, akungodikira makalata awiriwo kuti atumize zonse pamodzi.

Koma mzere wa kupolisi, abale inu! Tembisa yense anali ndi chodinditsa tsiku limenelo. Ofuna ntchito ndi masatifiketi awo, agogo otaya ziphaso, mnyamata wobedwa foni, onse pa benchi imodzi. Anafika eyiti koloko, koma pamene ankafika pa kauntala nthawi inali itadutsa hafu leveni. Wapolisi wake anali mtsikana wamng'ono, wa tsitsi lomangidwa bwino, wotopa koma waulemu. Anawapatsa mafomu awiri.

Stella analemba yake, zilembo zikukwera phiri. Wapolisi anawerenga, anakweza nsidze, anayang'ana chiphaso cha Stella mbali zonse ziwiri. Mtsikanayo anapukusa mutu pang'ono, anam'lumbiritsa, n'kudinda. Phaa!

Kenaka Tionge anapereka yake, ndi pasipoti pamwamba. Wapolisi anatsegula tsamba la chithunzi, anayang'ana nkhope, anatsegula tsamba lina, linanso. Anaima pa chidindo chija. Anakhala akuchiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatseka pasipotiyo n'kuikankhira pang'onopang'ono kwa mwini wake, nayankhula motsitsa mawu, Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu.

"Sisi, tamvera. Pakadali pano sindinalembe kalikonse. Ukatenga kabuku kako n'kutuluka, ine ndiitana wotsatira. Koma ndikadinda pepala ili, ndiyenera kulemba nambala yako m'buku ili, ndipo ndikalemba, ndiyenera kuitana akuluakulu anga. Sutuluka pakhomo apo lero. Wandimva?"

Stella anam'gwira mkono m'bale wake, zikhadabo zikulowa m'thupi. "Tiye, Tionge. Tiye kunyumba. Zisiye. Ndakupempha, mwana wa amayi, tiye."

Tionge anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anachita mantha, mantha enieni. Anaganiza za kachipinda kake, bedi limene anagula chaka chatha, nsapato zake zothamangira zimene anaziyanika padenga. Anaganiza za malo aja amasungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo, amene machona amangowatchula monong'ona. Chitseko chinali pomwepo, chotsegula, dzuwa likuwala panja. Akanatha kutuluka, Lolemba n'kukamaliza makatani a madamu, n'kukhala ku Joni zaka zina khumi, wachinyengo wodziwa kukolopa.

Anakankhira pasipotiyo kwa wapolisi.

"Dindani."

"Sisi..."

"Ku Joni mungandichotse, ndi kwanu. Koma kwathu misewu iliko, ndikathamanga komweko. Dindani, mayi, nthawi ikutha."

Wapolisiyo anapumira m'mwamba. Anam'uza kuti akweze dzanja lamanja. Tionge analumbira kuti iye, Tionge Mtonga, ndiye anadwala, ndiye anagonekedwa pa bedi lija, ndiye anamwa mapilisi aja. Chidindo chinatsika. Mtsikanayo analemba nambala m'buku lake, anatenga pasipoti ndi foni ya Tionge n'kuziika m'kabati, naloza benchi ya kuseri kwa kauntala.

Stella anayamba kulira mokweza, kulira kwa pamaliro, anthu a pamzere n'kutembenuka. Tionge anam'gwira mapewa n'kum'gwedeza.

"Achemwali! Achemwali, mulira bwino madzulo. Tengani mapepalawa." Anawapinda kamodzi n'kuwalowetsa m'dzanja la mkulu wake. Kafoni ka Stella kanali ka mabatani, kosajambula, ndipo kudikira takisi kuti idzaze kukanadya ola lathunthu. "A Rodgers ali kushopu kuja. Mphindi khumi ndi zinayi. Mudutse kuseri kwa sukulu, n'kwafupi."

"Ndikusiye muno wekha?"

"Mukandisiya ndi mapepalawa ndiye mwandipha. Thamangani!"

"Ine? Ndi thupi ili?"

"Vulani nsapatozo. Musayambe ndi liwiro, mubanika. Muzipuma ndi pakamwa, manja musawafinye. Mukamva kubaya m'nthiti musaime, kumatha kokha. Pitani!"

Wapolisi wamwamuna anali atatuluka kale m'chipinda cham'kati, makiyi ali m'manja. Tionge anakhala pa benchi paja, n'kusuzumira pa zenera la mawaya. Anaona mkulu wake akutsika masitepe, akuvula nsapato zogogoda zija n'kuzitaya pomwepo, akukwinya diresi la Lamulungu mpaka m'mawondo. Stella Mtonga, mayi wa ana awiri, amene sanathamangepo chichokereni ku pulayimale, analowa mumsewu chosavala, mapepala atawakanikiza pachifuwa, thupi lonse likugwedezeka, ogulitsa m'mbali mwa msewu akumuseka ndi kumuimbira mluzu. Ankathamanga moipa kwabasi, mutu uli m'mwamba, mapazi akumenya pansi ngati akupuntha chimanga.

"Dzina?" anafunsa wapolisi wa makiyi uja, atatsegula buku lina.

Tionge sanacheuke. Maso anali pa zenera, milomo ikuwerengera mkulu wake mapazi.

"Dikirani pang'ono, bambo," anatero. "Akhote kaye pakona paja."